Chafutambuyo pa Njinga ya Mkamwini

Anafika dzuwa litapendeka, m'mwezi wa Juni, ine ndikusankha fodya m'chigafa. Ndinamva belu la njinga kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndisanaone n'komwe mwini wake ndinaika fodya pansi, chifukwa kumudzi kwathu, kufupi ndi Santhe, masiku a Chitaganya amenewo njinga yachilendo inkabwera ndi zinthu ziwiri zokha: msonkho kapena matenda.

Anali mkamwini wanga, a Zimba, amuna ake a Enelesi, mwana wanga wotsiriza. Ndikuti mkamwini posowa dzina lina, poti munda wanga anali asanaulimepo ngakhale mzere umodzi. Atangokwatira anapempha chitengwa, alongo anga analola osandifunsa, mwana n'kupita naye kwawo, kupitirira Nkhamenya, kumene Chichewa chimayamba kusakanikirana ndi Chitumbuka.

Anatsamiritsa njinga pankhokwe, n'kunjuta chapatali atandifulatira, monga mwa ulemu. Ana a lero amaseka, koma ife mpongozi sitinkayang'anana naye kumaso, kudyera pamodzi ayi, kulankhulana popanda wapakati ayi. Mukakumana panjira, wina amalowa kutchire. Ndiye wonyamula mawu anali Malita, mkulu wake wa Enelesi, mwana kumsana, uku ndi uku pabwalo ngati nkhuku yosowa poikira.

"Akuti Enelesi masiku ake atha, miyendo yatupa. Wawatuma kuti adzakutengeni."

"Kafunse ngati ali moyo."

"Amayi!"

"Kafunse. Anthu a uthenga sanena maliro poyera. Amati matenda akula, iwe n'kukapeza atakwirira kale."

Malita anapita, anabwera. "Akuti amusiya akutongola chimanga pakhonde. Alumbira."

Kulumbira ndi pakamwa chabe. Ndinawasuzumira pampata wa chigafa: kumutu sanamete, maso sanafiire, ndipo mbatata zimene Malita anawapatsa anazidya ndi makoko omwe. Ndinati mwina n'zoona, ngakhale alipo amuna amene amadya bwinobwino mkazi ali m'manda.

Chimene mwana wanga ankandiitanira ndinkachidziwa. Pakati pake poyamba anachira komweko, ine kulibe. Matenda atatalika, amayi a kuchimuna anamuzinga: tchula, tchula amuna amene unayenda nawo, mwana akukana kutuluka chifukwa cha iwe. Iye analibe womutchula. Mwanayo anabadwa wozizira, iwo n'kumati wamupha ndi kubisa. Mwambo umenewu si wa kwawo kokha, kwathu konkuno anamkungwi amafunsa. Koma kwathu mayi ako amakhala kumutu kwako, zikanyanya amati basi, kamufunseni mwamunayo nayenso. Enelesi analibe wonena basi. Ulendo uno ndinayenera kukhala ndili m'nyumbamo matenda asanayambe.

Basi yopita kumpoto inali ndi masiku ake, ndipo ya sabata imeneyo inali itadutsa. Malita anabwera ndi mawu ena: akuti mukwera njinga.

"Ine? Pa kaliyala ya mpongozi? Ndikagwira m'chiuno mwa yani?"

Malita sakanatiperekeza, mwana anali wakhanda ndipo fodya anali asanapite kumsika. Alongo anga aja, amene anali ndi changu popereka mwana wanga, tsiku limenelo bondo linawagwira. Tinanyamuka awiriwiri m'mawa, chisanu chikuluma. Phukusi la ufa ndi nsalu zakale anamangirira pa kaliyala. Kathumba ka mizu yanga ndinakamanga m'chiuno, poti mankhwala sapatsira munthu wa mudzi wina. Iwo patsogolo akukankha njinga, ine pambuyo chapatali, wapansi.

Tinayenda chomwecho mpaka dzuwa linafika pamutu. Njira ya kumeneko ndi yosatha, dambo, minda ya fodya yokololedwa kale mapesi ali tolotolo, dambo linanso. Pa mkuyu wina a Zimba anaima, anavula chipewa, n'kugwira chishalo ngati akugwira phewa la mnzawo.

"Njinga iwe," anatero, maso ali pa tcheni, "uwauze amayi kuti pa mwendo umenewu tikapeza mwana atamera mano."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibedi munthu wina woti atinyamulire mawu. Ndinatembenukira kutayala la kumbuyo.

"Njinga, uwauze eni ako kuti ine ndinayenda wapansi mpaka ku Nkhotakota iwo asanabadwe."

"Njinga, uwafunse amayi ngati ku Nkhotakota kunali wowadikira."

Tinapitiriza wapansi. Madzulo tinapempha malo pamudzi wina pafupi ndi Chinkhoma, kwa mkulu wa mpingo wathu, ndipo mapazi anga anali atatupa ngati maungu, ming'alu ikutuluka magazi. Mayi wa pakhomopo, munthu wa pakamwa popepuka, anandithowa ndi madzi ofunda uku akundifunsa mafunso ambirimbiri amene sindinayankhe onse. Atamva nkhani ya kaliyala anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Nanga mwambo umati chiyani, mayi? Umati musayang'anane. Ndiye khalani chofulatirana. Iwo ayang'ane kumene mukupita, inu kumene mukuchokera. Phukusilo muike pakati pa misana."

Ndinaganiza kuti akufuna anthu andiseke, kuti mawa adzakhale ndi nkhani pachitsime. Ndinaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku kufuna pamene pali msampha, osapapeza. Mapazi ndiwo anagamula.

Kukwera njinga chafutambuyo musakuone. Chitsulo cha kaliyala chimalowa m'mafupa ngakhale uyalepo nsalu, miyendo ili lende mbali ziwiri, zala zitakanirira kunsi kwa chitsulocho. Ukafuna kupendekera kumanja, njinga ikupendekera kumanzere. Msewu waukulu unali ndi mizeremizere ngati malata, ndiye mano ankangogundana okha. Sindinkaona kumene tikupita, ndinkangomva a Zimba akupuma wefuwefu kuseri kwa phukusi, ndi fumbi lathu likubwerera kwathu popanda ine.

Njinga mumsewumo zinali zambiri, poti inali nyengo ya misika. Wina wamangirira fodya mpaka iye osaoneka, wina nkhuku m'chitete, wina chitseko chathunthu, wina makina osokera. Aliyense wotipitirira ankayamba wakumana ndi nkhope yanga, ndiye pakamwa sipankalephera.

"Agogo, mukupita kapena mukubwerera?"

"Achimwene, katundu wanuyu mwamanga mozondotsa!"

Wina wa ndevu anatchova pambali pathu nthawi yaitali, akufunsa kuti tikuchokera kuti, m'phukusimo muli chiyani. Ndinamuyang'anitsitsa osaphethira mpaka anatsalira yekha.

Ubwino wake unali umodzi: malole ochokera kumbuyo ndinkayamba kuwaona ndine. Msewu unali wopapatiza, ndipo lole ya fodya sipatukira njinga. Imangoliza hutala ili kale pamsana pako. Ndikangoona fumbi lili kobo kutali ndinkakuwa, "Njinga! Lole!" a Zimba n'kukhotera m'ngalande, ife n'kutsika, kutseka mphuno, kudikira fumbi lithe, n'kukweranso. Tinatsika ndi kukwera mpaka ntchafu zanga zinaleka kumva. Munthu wa njinga mumsewu umenewo anali ngati nkhuku ya eni pabwalo la mphero.

Imene inatigwetsa inachokera kutsogolo, kumene kunalibe maso anga. Panali pokhota, ngolo ya ng'ombe itaima mbali yathu, lole n'kutulukira. Ndinangomva a Zimba akuti "Mayo!" kenako mchenga m'kamwa. Nditatukula mutu, njinga inali uko, phukusi uko, nsalu yanga itakwera mpaka m'mawondo. A Zimba anali atagwada chondifulatira, chigongono chikuchucha magazi, dzanja limodzi ataphimba kumaso. Kundidzutsa ndi manja sakanatha. Anasolola pampu panjinga, n'kuilozetsa kumbuyo osacheuka, ine n'kugwira nsonga yake, n'kudzuka. Wa ngolo uja anaona zonsezi ndipo anaseka mopanda manyazi. Nkhope yake ndikuikumbuka mpaka lero.

Tayala la kutsogolo linali litapindika ngati lichero lakale, masipoko ena atathothoka. Tinalowa ku Boma, ku Kasungu, tikukankha, tayala likukhula mbali iyi ndi iyo.

Polowera m'tauni panali mtengo wopingasa, ndi mesenjala wa chipewa chofiira akuyang'ana kachitsulo ka msonkho pa njinga iliyonse. Pamtengo wa mango pambali pake panatsamira njinga zogwidwa, eni ake atakhala pansi ali khuma. A Zimba anawerama kuti aloze kachitsulo kawo. Panali waya wokha.

"Kagwa pamene tinagwera paja, bwana. Ndinakhoma, ndithu."

"Onse awa anakhoma," anatero mesenjala, akuloza anthu a pansi pa mango. "Kachitsulo kaoneke, apo ayi njinga igona kuno."

A Zimba anabwerera wapansi kukafukula mchenga. Ine ndinakhala pansi nditakumbatira tayala la kumbuyo, poti ndinaona mmene mesenjala uja ankayang'anira belu. Dzuwa linakwera. Ntchentche zinapeza ming'alu ya kumapazi kwanga. Mzimayi wina anabwera ndi thobwa wogulitsa, ndinakana, thobwa wa m'tauni sudziwa madzi ake. Kenako ludzu litandipha ndinamuitananso, koma ndinati ayambe wamwako iye.

"Amayi, isiyeni njingayo, sithawa," anatero mesenjala.

"Njinga sithawa, koma anthu amayenda."

"Mukunditcha mbala ine?"

"Sindinatche munthu. Ndingofunsa, mwana wanga, poti ndine wosaphunzira. Msonkho wa njingawu mumatolera chaka ndi chaka. Nanga njira ya njinga ili kuti? Ife tadya mchenga uko chifukwa cha lole. Kapena msonkhowu ndi wogulira ngalande?"

Anthu a pansi pa mango anaseka. Mesenjala anati nkhani zimenezo ndikafunse akuluakulu, iye ndi wotumidwa. Onse amatero.

A Zimba anabwera dzuwa litadutsa pamutu, fumbi mpaka m'nsidze, kachitsulo kali m'manja. Tinapita kwa munthu amene aliyense ankati ndiye amadziwa njinga, Che Saidi, Myao wa sitolo ya nsalu, mchere ndi palafini, amene ankakonzanso njinga pakhonde. Tinapeza chitseko chotseka. Linali Lachisanu, mwini wake anali kumzikiti. Tinakhala. Iwo kumapeto uku kwa khonde, ine kumapeto uko, njinga pakati. Ndinkangowerengera mumtima kuti pano Enelesi akutani, msana wayamba kapena sunayambe, ndani ali naye pafupi.

Che Saidi anabwera osafulumira, mkanjo woyera, moni wa ulemu pakamwa. Anaigadamiza njinga, anazungulitsa tayala, n'kuliza mluzu.

"Ili lafuna kuleza mtima. Ndimasule masipoko onse, ndiwongole, ndimangenso."

Ndinasendera pafupi n'kukhala moyang'anizana ndi manja awo. Ndinamva kale kuti okonza njinga amachotsa chitsulo chabwino n'kuikapo chakutha. Akatola kanthu, maso anga pomwepo. Akaika pansi, maso anga pomwepo.

"Amayi," anatero Che Saidi osatukula mutu, "maso anuwa akanawalemba ntchito pamsika, mbala zikanasamuka m'tauni muno."

"Konzani njinga, bambo."

"Ndikukonza. Koma ndikunena zoona. Tsiku la msika anthu amabwera kuno akulira, wina belu, wina pampu, wina chishalo chimene. Ine ndinawauza akuluakulu, mangani chigafa pamsika poimika njinga, muikepo munthu. Lambulani kanjira m'mbali mwa msewu, njinga ziziyenda pazokha. Fodya yense amene mumanyadirayu amabwera pa njinga ndi pamutu. Anati msewu ndi wa galimoto. Ndinati chabwino, malimu opindika ndiwo akudyetsa ana anga."

"Ndiye mumakondwa tikamagwa."

"Ndikanakondwa ndikanawauza?"

Yankho lake linali labwino, ndipo anthu a mayankho abwino ndiwo ndimawaopa kwambiri.

Ntchito ili mkati, panaima lole yopanda katundu, dalaivala n'kutsika kudzagula ndudu. Anamva a Zimba akufotokozera Che Saidi za ulendo wathu, n'kulowererapo.

"Nkhamenya? Ndikudutsa pomwepo, ndikupita ku Mzimba. Masheleni awiri munthu mmodzi, njinga sheleni. Mulipiriretu. Dzuwa likamalowa mwafika."

Ndinamuyang'ana. Maso ofiira, malaya osamanga mabatani, ndipo atayandikira ndinamva kafungo kamene si ka petulo. Ankaseka pasanakhale choseketsa. Anthu a mtundu womwewo ndiwo anatiponya mumchenga m'mawa wake. Ndinali nditamvanso za anthu amene analipiriratu n'kukatsitsidwa pakati pa nkhalango, lole n'kukhotera kwina.

A Zimba anagwada pafupi ndi njinga, imene inali chagada, yopanda mwendo umodzi.

"Njinga, uwapemphe amayi. Ndalama ndili nayo. Tayala akamalizira ena kutsogolo."

"Njinga, uwauze eni ako kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndafa ine m'lole ya woledzerayu, Enelesi akhala ndi yani?"

"Njinga, uwauze kuti ndinamusiya akumva kale msana."

"Nanga bwanji sananene kumudzi kuja? Pali zinanso zimene akubisa?"

Dalaivala anati, "Awa akulankhula ndi njinga? Ine ndiye woledzera?" Anakwera, n'kupita. A Zimba anakhala chogwada nthawi yaitali. Kumaso sindinawaone, koma mitsempha ya m'khosi mwawo inali itaima. Che Saidi anangoti, "Mulungu ndiye adziwa," n'kupitiriza kumanga masipoko. Anamaliza kuli chisisira, ndipo anatilola kugona pakhonde lomwelo, ine pafupi ndi chitseko, phazi langa nditalipisa mu tayala.

Tinachoka ku Boma kusanatenthe. Phiri la Kasungu linali pamaso panga mmawa wonse, likuchepa pang'onopang'ono ngati silikufuna. Tayala linkayenda bwino, zimenezo ndivomere. A Zimba sanalankhule ndi njinga ngakhale kamodzi. Pa chitunda ankaimirira pa mapedulo, njinga ikulira ngati mbuzi yomangidwa, mpaka ine ndinkachita kudzitsikira ndekha. Pamtsetse ankaisiya ithamange, ine ndikuona mitengo ikundithawa, ndikutchula mayina a makolo anga. Ndinkayang'ana m'ngalande zonse, mbali iyi ndi iyo, kuti ndione lole ija itagadabuzika. Sindinaione.

Pa Dwangwa tinapeza ngolo zitandandalika, ng'ombe ina itakana kuponda matabwa a mlatho. Eni ake anaimenya, anaipotokola mchira, anainyengerera ndi mayina okoma, iyo ili gwa pakati penipeni. Panalibe podutsa ngakhale munthu wapansi. Anthu a njinga ena anakhala pansi n'kuyamba kusenda nzimbe. A Zimba anapinda buluku, anasenza njinga paphewa, n'kutsikira kumadzi. Ine pambuyo ndi phukusi pamutu, madzi a Juni akudula miyendo ngati mpeni. Kutsidya ndinapeza atandisiyira mtedza wokazinga pamwala, wonse umene unatsala, iwo ataima uko akuyang'ana kumpoto. Ndinadya, koma ndinadzifunsa kuti munthu amapatsa chonchi akalakwa chiyani.

Titapitirira pang'ono, tayala la kumbuyo linati fwii. Minga. Anamata, tinakwera. Linatinso fwii. Anamata ndi kachigamba kotsiriza, akufinya kachubu ka sulushoni ndi mano. Kachitatu panalibenso chomatira. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu, manja ali pamutu. Panadutsa wa njinga wina, anaima, anati sulushoni ali naye koma ndi wa ulendo wake. Sindinamudandaule, inenso ndikanatero.

Ndinalowa m'tchire n'kuyamba kuzula udzu wouma, wofewa uja wa m'mphepete mwa dambo. Ndinaona anthu a kwathu akuchita zimenezi. Ndinauunjika pafupi ndi njinga, n'kubwerera kukazula wina. Pobwera ndinapeza atachotsa chubu, akupotokola udzu n'kumaukanikizira m'tayala ndi chala chachikulu. Ntchito imeneyo tinaigwira popanda mawu, ine kuzula, iwo kufutsa.

Tayala la udzu limayenda, koma limakuuza mwala uliwonse. Du, du, du, mpaka m'mutu. Udzu ukaphwanyika tayala limafota, ndiye kutsika, kuzula wina, kufutsanso. Labala wa pedulo imodzi anagwa, phazi lawo n'kumaponda chitsulo chokhachokha. Ndinadziwa chifukwa cha timadontho ta magazi timene tinkatsala mumsewu pamaso panga. Phukusi la pakati pathu linanyowa ndi thukuta lawo mpaka ndinalimva kumsana. Pa Chatoloma dzuwa linatithera. Tinagona kwa anthu ena amene mayina awo sindinafunse, ndipo nawonso sanafunse athu.

Mmawa mwake tinadutsa Nkhamenya anthu akupita kutchalitchi, tinasiya msewu, n'kulowa kanjira ka m'minda. Mudzi wawo ndinauona titafika kale, poti unali kumsana kwanga. Chimene ndinayamba kumva ndi kulira kwa khanda.

Pakhomo la kanyumba kakumapeto panakhala amayi anayi. Pakati pawo panali asebele anga, aNyagondwe, mayi wawo wa a Zimba. Anadzuka akuomba m'manja, nkhope ili ngwee.

"Mwafika, asebele? Monire, monire. Mwachedwa pachoko. Suzgo yamala. Wazunula, ndipo mwana wafuma."

Chitumbuka sindichidziwa bwino, koma kuzunula ndinakumva. Watchula.

Sindinabweze moni. Ndinawerama n'kulowa. Munali utsi ndi mdima, Enelesi atagona pamphasa, milomo yosweka, kamwana kakakazi kali pambali pake, kamoyo, kakukunga tizibakera. Matenda anayamba tsiku lomwe tinagona pakhonde la Che Saidi, ndipo anachira dzulo lake masana, ife tikuzula udzu.

"Amayi," anatero, mawu ngati a munthu wa kutali. "Ndinakudikirani."

"Ndabwera. Watchula yani?"

"Anandikana madzi, amayi. Anati sindimwa mpaka ndinene. Anati ndipha uyunso."

"Watchula yani?"

"Wilisoni. Ndinati Wilisoni wa kwathu ku Santhe."

Ndinayendayenda m'mutu mwanga mudzi ndi mudzi, nyumba ndi nyumba. Amuna a kwathu ndimawadziwa onse, ndi makhalidwe awo omwe.

"Kwathu kulibe Wilisoni."

"Kulibe, amayi. Ndinaopa kutchula munthu woti alipo, angakamuphe ndi mlandu. Nditangotchula, mwana anabwera. Ndiye akuti mwaona."

Analira popanda misozi. Ndinamutukula mutu n'kuuika pamwendo panga, pamene unayenera kukhala dzana. Mawu anga aja oti basi ndinafika nawo, koma panalibenso powanena.

Kunja aNyagondwe anali atayamba kale kuuza mwana wawo, mokweza kuti ife timve. Dzina, mudzi, zonse. Anati mwanayo si wa pakhomo pano, mkaziyo akatuluka chikuta abwerere ndi mayi ake, ndipo akulu akhale pansi akambe za Wilisoni. Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. A Zimba anali ataima chigwirire njinga, phazi lija atalitukula pang'ono. Ndinati tsopano tiwaona mtundu wawo.

Anaigoneka njinga pansi. Anayenda chotsimphina mpaka pakhoma la chikuta, poti mwamuna salowa, n'kunjuta.

"Enelesi."

"Wawa."

"Wamwa madzi?"

"Ndamwa."

"Mwanayo akuyamwa?"

"Akuyamwa."

Kenako a Zimba anati, "Mchombo ukagwa tinyamuka tonse. Ndikalima kwanu."

ANyagondwe anakuwa ngati alumidwa ndi njoka. "Iwe! Ukakhale mkamwini? Ukalime munda wa eni, wa awuso uli pano? Fodya wako ali m'chigafa! Wapulika yayi zina ilo?"

"Dzinalo ndalimva, amama. Mukanandimana madzi ine, ndikanatchula mudzi wonse uno, ndi inu nomwe."

Anadzuka n'kupita kukatsuka phazi lawo.

Mawu a mwamuna ndinawamvapo ambiri pa moyo wanga, ndiye sindinasunthe pakhomo la chikutacho. Madzi a Enelesi ndinkatunga ndekha, phala ndinkaphika ndekha, ndipo chilichonse chochokera kwa asebele ndinkayamba ndapatsako galu. Koma mchombo utagwa tinanyamukadi. Munda wa bambo awo anausiyira mng'ono wawo, fodya anagulitsa mothamanga pamtengo wolira. Nyumba yawo ndi iyo ili kuseri kwa nkhokwe yanga, ndipo mizere yawo ndi yowongoka, ngakhale ndimapitabe kukaiona.

Malita amati amayi mukanakwera lole ija. Anene. Iye maso a dalaivala uja sanawaone.

Mtsikanayo tsopano amatha kutunga madzi ndi kachikho. Mphumi ndi ya a Zimba, aliyense amaona. Kwawo kwa bambo ake amamutchabe mwana wa Wilisoni, ndipo sanapondeko. Sadzapondako ine ndili moyo.